Mileme ya ku Pemba, yomwe inapulumukira kumanda

Amene ali ndi mtengo wa mango pakhomo amadziwa zimene amapeza m'mawa wa mwezi wa Disembala akamasesa: mango olumidwa mbali imodzi, ndi timibulu ta ulusi totafunidwatafunidwa, touma ngati zotsalira za nzimbe. Ameneyo si mwana wa aneba ayi, ndi mleme. Mleme wodya zipatso sumeza chipatso chonse. Umaluma nthuli, n'kuikanikiza ndi lilime kumwamba kwa m'kamwa mpaka madzi onse atafinyika. Madziwo umameza pamodzi ndi tinjere ting'onoting'ono, zotsalazo n'kulavula. Tili ana, akuluakulu ankatiuza kuti mleme umachitira chimbudzi kukamwa, ndipo ndikukhulupirira kuti bodza limeneli linabadwira pa timibulu timeneti. Ambirife timangotukwana n'kupitiriza kusesa, popeza mileme ya kuno kumtunda ilipo yambiri ndipo ikasowa chakudya kuno imapita kwina. Pachilumba cha Pemba, ku Tanzania, kuli mleme wa kadyedwe komweka umene ulibe kwina kopita, ndipo cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ofufuza anayamba kuopa kuti wangotsala pang'ono kutheratu padziko.

Pemba ndi chimodzi mwa zilumba ziwiri zikuluzikulu za Zanzibar. Chili kumpoto kwa Unguja, makilomita pafupifupi 50 kuchokera kugombe la Tanzania. Kukula kwake kumaposa Likoma maulendo 50, ndipo pamakhala anthu opitirira theka la miliyoni. Mvula imagwa yambiri, nthaka ndi yachonde, moti Aluya akale ankachitcha chilumba chobiriwira. Madzi amene ali pakati pa Pemba ndi mtunda ndi akuya mamita mazanamazana. Kalekale nyanja itaphwera, Unguja chinalumikizana ndi mtunda ndipo nyama zinkawoloka pansi, koma Pemba chinakhalabe chokhachokha pakati pa madzi. N'chifukwa chake kuli zamoyo zosapezeka kwina kulikonse: kakadzidzi kake, njiwa yake yobiriwira, timbalame tiwiri tating'ono, ndi mleme umenewu, womwe eni dziko amangoutcha popo wa Pemba.

Asayansi amautcha Pteropus voeltzkowi. Anaupatsa dzinali mu 1909 ndi Mjeremani wina, Paul Matschie, polemekeza mnzake Alfred Voeltzkow amene anayendayenda m'zilumba za kumeneko kutolera nyama ndi zomera. Chodabwitsa n'chakuti banja la Pteropus silipezeka paliponse pamtunda wa Africa. Abale ake ali ku Madagascar, Comoros, Seychelles, Mauritius, mpaka ku India ndi Australia. Ndiye kuti makolo a mleme wa ku Pemba anachokera kum'mawa, kudumpha chilumba ndi chilumba, n'kudzaima pakhomo penipeni pa Africa osakhazikika mkati. Makilomita 50 si mtunda woti mleme waukulu ungalephere kuuluka, koma mudzi wake ndi Pemba basi.

Thupi lake si lalikulu kwenikweni, limalemera magalamu 400 mpaka 650, ngati nkhuku yachitsikana yomwe sinayambe kuikira. Chimene chimadzidzimutsa ndi mapiko: waukulu ukatambasula amafika mita imodzi ndi theka, pafupifupi ngati munthu wamkulu watambasula manja. Ubweya wake ndi wofiira ngati dothi la katondo, nkhope ndi mapiko zakuda bii. Nkhopeyo ndi yosongoka ngati ya kagalu, ya maso aakulu, n'chifukwa chake Azungu amaitcha mileme ya mtunduwu nkhandwe zouluka. Timileme tija timakhala m'denga la tchalitchi kapena m'kalasi timayenda mumdima potulutsa kamawu kosamveka kwa munthu n'kumvetsera mmene kakubwerera. Uwu sutero. Umadalira maso, omwe amaona bwino m'kachisisira, ndi mphuno yomwe imanunkhiza chipatso chakupsa patali.

Masana sukhala m'phanga kapena m'mphako. Imalendewera poyera panthambi za mitengo italiitali, mazana kapena zikwi pamalo amodzi, ndipo munthu amayamba waimva asanaione: kulira, kukalipirana, kulimbirana nthambi tsiku lonse. Dzuwa likatentha imadzikupiza ndi phiko limodzi. Mvula ikagwa imadzifunda mapiko onse awiri ngati chitenje. Kulendewera chamutu pansi sikuitopetsa, chifukwa mitsempha ya kuzala za kumapazi imakoka yokha ndi kulemera kwa thupi, zikhadabo n'kumana nthambi popanda kugwiritsa mphamvu. Mleme umatha kufera panthambi osagwa. Ukafuna kudzithandiza umatembenuka, kukola nthambi ndi chala chachikulu cha paphiko, mutu m'mwamba, n'kuchita zimene nyama iliyonse imachita, potulukira pomwe nyama iliyonse ili napo. Agogo athu sanaonetsetse.

Dzuwa likalowa imanyamuka, poyamba umodziumodzi, kenako mzere wautali wodutsa pamwamba pa minda ndi midzi. Imadya mango, nkhuyu, chipatso chachikulu chija Aswahili amati shelisheli, maluwa, ngakhale masamba. Apa ndi pamene pali phindu lake lenileni. Chakudya sichikhalitsa m'mimba mwa mleme wotere, ndipo umataya ndowe ukuuluka, kotero njere za nkhuyu zodyedwa m'nkhalango zimakagwera pamalo ogugika kumene kulibe mtengo ndi umodzi womwe. Zipatso za njere yaikulu umazinyamula kukamwa kukadyera pamtengo wina, njereyo n'kuisiya kutali ndi mayi wake, komwe ingamere popanda mthunzi woipha. Poyamwa timadzi ta m'maluwa nkhope imadzola mungu n'kukausiya pamtengo wina. Pamtunda ntchito imeneyi imagawidwa pakati pa njovu, anyani, mbalame zikuluzikulu ndi agwape. Pachilumba ogwira ntchitoyi ndi ochepa, ndipo wouluka mtunda wautali usiku umodzi, kudutsa minda yopanda mitengo, ndi mleme.

Kufooka kwake kuli pa kubereka. Mleme waukazi umabereka mwana mmodzi pachaka, basi. Ku Pemba ana ambiri amabadwa pakati pa Juni ndi Ogasiti. Masabata oyamba mwana amakakamira pamimba pa mayi wake, kukamwa kuli pabere lomwe lili chakukhwapa, mayi n'kumauluka naye usiku wonse. Akalemera amasiyidwa pamtengo kudikira, ndipo amatenga miyezi kuti adziimire payekha, kenako chaka china kapena kuposerapo kuti naye abereke. Mbewa mukhoza kukumba chaka ndi chaka m'munda womwewo, chaka chamawa n'kuzipezanso, chifukwa zimaswana ana ambiri kangapo pachaka. Mleme umaswana ngati ng'ombe. Mukapha mayi mwezi wa Julaye mwapha awiri, ndipo malo awo sadzadzazika msanga.

Zinthu zinayamba kuipa kalekale, mfuti zisanachuluke. M'zaka za m'ma 1800 mafumu Achiluya ochokera ku Oman, makamaka Seyyid Said, analimbikitsa ulimi wa karafuu, timaluwa touma tonunkhira tija amathira mu tiyi ndi mumpunga. Nkhalango zinagwetsedwa kuti pabzalidwe mitengo ya karafuu, ndipo ogwira ntchitoyo anali akapolo, ambiri a iwo ochokera kuno kuchigawo cha nyanja ya Malawi kudzera ku Nkhotakota ndi Kilwa. Mu 1872 namondwe anawononga minda ya karafuu ya ku Unguja koma Pemba sanaikhudze kwambiri, ndipo kuchokera pamenepo ulimiwu unakhazikika ku Pemba. Nkhalango yeniyeni yaikulu yomwe inatsala ndi Ngezi, kumpoto chakumadzulo, mahekitala pafupifupi 1,440, yotetezedwa kuyambira mu 1959. Kwina konse kunatsala tizigawotizigawo: pamtunda wina wosalimika, m'mitengo ya m'madzi amchere m'mbali mwa nyanja, pa tizilumba tating'ono, ndi kumanda.

Anthu a ku Pemba akhala akudya mleme kuyambira makedzana, ndipo kwa iwo ndi ndiwo yapamwamba. Amene akunyansidwa akumbukire kuti enafe timagula mbewa zapampani pamsewu wa M1, alendo akutiyang'ana modabwa. Kale alenje ankamanga minga kunsonga ya mtengo wautali n'kukola mleme phiko. Njira imeneyi inali yotopetsa, munthu ankabwerera ndi iwiri kapena itatu. Kenako kunabwera mfuti zija zimamwaza tizipolopolo tambirimbiri nthawi imodzi. Nyama yomwe imagona poyera, yothithikana, pamtengo womwewo chaka ndi chaka, ilibe chitetezo chilichonse kwa mfuti yotere. Kuwombera kamodzi kumagwetsa ingapo, ina n'kukafera kutchire ndi mabala, ndipo yotsala imabalalika masana dzuwa likuswa mtengo, amayi n'kugwetsa ana.

Mu 1989 ofufuza atayendera chilumbachi anaona mileme yosakwana 10. Chiwerengero chimenechi chinamveka kutali, ngakhale sichikutanthauza kuti inatsaladi 10 yokha; chikutanthauza kuti malo omwe kale kunkadzaza mileme anali gwaa, ndipo yotsala inabisala kosadziwika. Kafukufuku wa mu 1992 anapeza pakati pa 2,400 ndi 3,600. Mu 1995 Abigail Entwistle ndi Nadia Corp, pogwira ntchito ndi anthu a zankhalango a pachilumbapo, anawerenga pakati pa 4,600 ndi 5,500, ndipo 94 pa 100 iliyonse inali m'malo 10 okha. Mu 1996 bungwe la IUCN, lomwe limasunga kaundula wa zamoyo zomwe zili pangozi padziko lonse, linaika mlemewu m'gulu lomaliza nyama isanatchulidwe kuti yatha kutchire.

Kuwerenga mileme si ntchito yamasewera, tinene. Owerenga amaima pansi pa mtengo ndi zoonera patali, kuwerenga nthambi imodzi n'kuyerekeza zinzake, masamba akubisa ina, ina ikusuntha. Ena amadikira madzulo n'kuwerenga ikamatuluka, maso ali kumwamba mpaka mdima utawalepheretsa. N'chifukwa chake ziwerengero zonse zimabwera ziwiriziwiri, chochepa ndi chochuluka.

Chimene chinatembenuza zinthu sichinali mpanda kapena asilikali a m'nkhalango. Bungwe la Fauna & Flora International linagwirizana ndi nthambi ya boma la Zanzibar yoona za nkhalango, ndipo ntchito yaikulu inali yolankhula ndi anthu: misonkhano m'midzi, maphunziro m'masukulu, kukambirana ndi alenje eniake. Uthenga womwe unagwira mtima sunali wa sayansi yozama. Anthu ambiri sankadziwa kuti popo wawoyo kulibe ku Unguja, kulibe ku Tanga, kulibe kwina kulikonse pansi pano. Munthu amene amaona nyama tsiku ndi tsiku saganiza kuti ingathe, amangoti yasamukira kwina. Atamva kuti kwinako kulibe, midzi ingapo inakhazikitsa magulu osamalira malo ogona mileme, inapanga malamulo ake oletsa kuwombera ndi kudula mitengo pamalopo, ndipo kusaka ndi mfuti kunaletsedwa m'madera ambiri a chilumbachi.

Malo otchuka kwambiri ndi Kidike, kumpoto chakum'mawa kwa tawuni ya Chake Chake, komwe mileme zikwi zingapo imagona m'kankhalango kakang'ono. Kankhalangoko kanatsala chifukwa ndi manda akale a mudzi. Apa Mchewa safunika kumufotokozera zambiri. Yendani kuchokera ku Dedza kupita ku Kasungu, m'minda momwe mitengo inatha kalekale: mukaona kagulu ka mitengo yachilengedwe kataima kobiriwira pakati pa chimanga, simufunsa, mukudziwa kuti ndi kumanda. Palibe amene amalowako ndi nkhwangwa popanda mawu a mfumu. Ku Pemba chipembedzo ndi china, anthu ake pafupifupi onse ndi Asilamu, koma ulemu wa pamanda unagwira ntchito yomweyo: mitengo inakula osadulidwa, phokoso ndi mfuti sizinkaloledwa, ndipo mileme yothawa kwina inapeza pogona. Magulu a m'midzi aja sanayambe pachabe. Anangowonjezera lamulo lolembedwa pa mwambo umene unalipo kale. Ku Kidike mlendo amalipira kangachepe kuti aone mileme, ndalamazo n'kuthandiza mudzi.

Zotsatira zinaoneka msanga. Mu 2004 IUCN inautsitsa mlemewu kuuika m'gulu la nyama zomwe zili pachiopsezo koma osati pakamwa pa imfa, ndipo ndi momwe uli mpaka pano. Kafukufuku wina wotsatira anapeza pakati pa 18,200 ndi 22,100, ndipo mu 2008 nkhani inafalikira kuti mleme wa ku Pemba wabwerera. Ine ndimaziwerenga ziwerengerozi mosamala pang'ono. Kuchoka pa 5,000 kufika pa 20,000 m'zaka 12 kapena 13 n'kotheka kwa nyama ya mwana mmodzi pachaka ngati imfa zachepa kwambiri, koma gawo lina la kukweraku ndi loti owerenga anadziwa malo ambiri kuposa kale, ndipo mileme yosawomberedwa imasonkhana poyera m'malo mobisala. Ngakhale titachotsapo zimenezo, kuchuluka kunachitikadi, ndipo nkhani zotere m'ntchito yosamalira zachilengedwe n'zosowa.

Nanga bwanji ukadali pakaundula wa zoopsezedwa? Choyamba, kafukufuku yemwe uja anapeza kuti mileme yochuluka kwambiri inali m'malo anayi okha. Mudzi umodzi utasintha maganizo, kapena mitengo ya pamalo amodzi itagwa, gawo lalikulu la mtundu wonse likhoza kusokonezeka sabata imodzi. Yerekezani ndi ku Kasanka ku Zambia, komwe chakumapeto kwa chaka chilichonse mileme mamiliyoni ya mtundu wina, yotuwa ngati udzu wouma, imasonkhana m'kankhalango kamodzi kudya masuku ndi zipatso zina. Imeneyo ikatha nyengo imabalalika mtunda wa makilomita zikwi, ina mpaka kudutsa Congo. Ikaphedwa dera lina, ina imabwera kuchokera kwina. Wa ku Pemba ulibe msuweni woti adzalowe m'malo mwake.

Chachiwiri ndi namondwe. Ife a kuno tinaphunzira mu 2023 zimene Freddy angachite usiku umodzi. Kwa mleme wa pachilumba, mphepo imapha kawiri: imaukuntha pamtengo, kenako imayoyola zipatso ndi maluwa onse, yopulumuka n'kufa ndi njala. Pachilumba cha Rodrigues, kum'mawa kwa Mauritius, m'bale wake wa mlemewu anatsala pafupifupi 70 yokha mu 1979, nkhalango zitatha ndipo anamondwe atamenya. Unapulumuka chifukwa cha kubzala mitengo ndi kuphunzitsa anthu, komanso katswiri wa zanyama wa ku Britain, Gerald Durrell, anali atatengako ina mu 1976 kukaiweta pachilumba cha Jersey kuti mtundu usatheretu. Lero ilipo pafupifupi 20,000. Pemba chili pafupi ndi ikweta, mzere wodula dziko lapansi pakati, pomwe anamondwe safikafika, koma wa mu 1872 uja anafika ku Unguja, ndipo mu Meyi 2024 namondwe Hidaya anagunda chilumba cha Mafia, chakumwera pang'ono.

Palinso zing'onozing'ono zomwe zimadya pang'onopang'ono: nkhuni ndi makala, minda yatsopano pomwe anthu akuchuluka, alenje amene sanasiyiretu, ndi mawaya amagetsi. Mleme wa mapiko aatali chonchi ukatera pawaya umakhudza awiri nthawi imodzi, n'kupserera pomwepo.

Vuto lalikulu la m'tsogolo, mmene ndikuonera, labadwa kuchokera m'chipambano chomwechi. Mileme 20,000 iyenera kudya usiku uliwonse, nkhalango yachilengedwe ndi yochepa, ndiye imapita kumitengo ya anthu. Ofufuza omwe anawerenga chiwerengero chachikulu chija anachenjezeratu kuti mkangano ndi alimi a zipatso ukhoza kukula. Kumene mkangano wotere umathera tinakuona ku Mauritius. Kumeneko alimi a mango ndi lychee anadandaula za mleme wawo wakuda, Pteropus niger, womwenso unali m'gulu lomweli la nyama zoopsezedwa. Mu 2015 boma linatumiza owombera ndipo anapha pafupifupi 30,000. Mu 2016 anaphanso zikwi zingapo, n'kubwerezanso zaka zotsatira. Pofika 2018 IUCN inaukweza mlemewo kuuika m'gulu loopsa kuposa lomwe unalimo. Ofufuza a kumeneko anaonetsa kuti zokolola sizinakwere chifukwa cha kuphako, popeza zipatso zambiri zimawonongeka ndi mphepo, mbalame, makoswe, ndi kupsera mumtengo wautali womwe palibe angakwere kukathyola. Mleme umangosenza mlandu wonse chifukwa ndi waukulu, waphokoso, ndipo umasiya umboni pansi.

Njira yomwe inaoneka kuti imathandizadi ku Mauritius ndi kudulira mitengo kuti ikhale yaifupi n'kuiphimba ndi ukonde nyengo ya zipatso, ndipo boma limathandiza alimi kugula maukondewo. Koma mitengo ya mango ya m'midzi ya ku Pemba ndi yofanana ndi yathuyi, zimphona zobzalidwa ndi agogo, zoti ukonde wake ungafune ndalama zoposa mango a chaka chonse. Alendo odzaona malo, omwe ndalama zawo zikanatonthoza mlimi, ambiri amathera kumagombe a Unguja. Ofika ku Pemba ndi ochepa, ndipo mwa ochepawo ambiri amabwera kudzasambira pansi pa nyanja. Choncho amene akulipira mtengo wosunga mleme wa ku Pemba ndi mayi amene amadzuka m'mawa ndi tsache, n'kupeza pansi pa mtengo wake mango olumidwa mbali imodzi, pamene mudzi wake unagwirizana kale kuti mfuti isalirenso kumanda.